Moto ukabuka poliza injini ya ndege, dzanja lisachoke pa kiyi

Anzanga amene mwangoyamba kumene kuphunzira kuyendetsa tindege ting'onoting'onoti, kaya ndi Cessna 152, kaya 172, kaya Piper Warrior, pali chinthu chimodzi chomwe ndikufuna chizolowereke m'manja mwanu osati kungochidziwa m'mutu. Mukuliza injini, pulopela yazungulira kawiri katatu, kenako mwamva kuti phuu kutsogoloko, utsi wayamba kutuluka, kapena munthu amene waima panja wayamba kukuwa akuloza pansi pa mphuno ya ndege. Nthawi imeneyo thupi lonse limakuuza kuti siya kiyi, tsegula chitseko, thawa. Koma buku la ndegeyo limanena zina, limati pitirizani kuzungulitsa injini ndi sitata. Anthu ambiri akamva koyamba amaona ngati misala, moto uli pa injini nde iwe uzipitiriza kuiliza? Eya, ndipo mukamvetsa komwe motowo uli simudzafunsanso.

Nde tiyambire pomwepo. Ndege zambiri zophunzitsirazi zili ndi injini za kampani ya Lycoming, O-235 pa Cessna 152, O-320 pa ma 172 akale monga N ndi P komanso pa Warrior. Pa injini zimenezi kabureta ili pansi pa injini, osati pamwamba ngati mmene zimakhalira pa magalimoto akale. Mpweya umalowa kutsogolo, umadutsa pa sefa, umafika m'kabokosi kamene kali pansi pa kabureta, kenako umakokedwa kukwera m'mwamba kupita ku masilinda. Injini ikamazungulira zonse zili bwino chifukwa ikukoka. Koma ikakhala kuti yaima, mafuta aliwonse amene mwathira mopitirira alibe chowakweza, amangotsetsereka kubwerera pansi n'kukadikha m'kabokosi kaja, ena kunyowetsa sefa, ena kudontha mpaka pa tayala lakutsogolo ndi pansi. Ndipo mafuta ake ndi a ndege otchedwa avgas 100LL, a buluu aja, amene nthunzi yake imatha kuyaka ngakhale kuzizire kufika cha m'ma -40 °C. Chatsala ndi kamoto kakang'ono basi, ndipo kamotoko kamabwera injini ikatsokomola chobwerera m'mbuyo, lawi n'kutulukira ku mapaipi olowetsa mpweya m'malo mopita ku ekizozi. Likafika pa mafuta odikha aja, wayaka.

Tsono onani. Motowo poyamba uli m'njira ya mpweya, malo amene injini imakokako. Mukapitiriza kuzungulitsa, mapisitoni akukoka mpweya ndipo akukokera limodzi lawi ndi mafuta otsalawo kulowa m'masilinda, komwe ndi kwawo kwa moto, kunapangidwira zimenezo. Mukasiya kiyi kukokako kumatha pompo, lawi limapeza mpata wokwera mkati mwa chivindikiro cha injini komwe kuli mapaipi a labala, mawaya, mapaipi a mafuta ndi oyilo, utoto, zonse zoyaka. Aluminiyamu amasungunuka pa 660 °C basi, ndipo amafooka asanafike n'komwe pamenepo. Moto umene ukanatha m'masekondi ochepa umatha kudya ndege yonse chifukwa choti dzanja linachita mantha.

Zoyenera kuchita zili chonchi, ndipo ndikutsata mmene mabuku a Cessna amanenera. Mwaona utsi kapena lawi, kiyi ikhalebe pa START. Injini ikalira, musaizimitse msanga ayi, ikwezeni ifike 1700 RPM (kuzungulira kwa injini pa mphindi imodzi) pa ma 172 akale ndi 152, pa 172S buku limati 1800, ndipo muisiye pamenepo kwa mphindi zingapo kuti imalize kumeza chilichonse chatsala. Mapazi pa mabuleki mwamphamvu chifukwa pa liwiro limenelo ndege imafuna kuyenda, ndipo mwina kutsogoloko kuli munthu akuthamangira ndi chozimitsira moto. Zikatha mphindizo zimitsani injini, tulukani, ulendo wa tsiku limenelo wathera pomwepo.

Injini ikakana kulira ndi pamene pamafunika manja odziwa ntchito. Throttle, yowonjezerera mphamvu ya injini, kankhani yonse mpaka kumapeto, kamodzi kokha, osaipopa. Mixture, chogwirira chofiira chowongolera mafuta olowa mu injini, kokani chonse mpaka pa idle cut-off, pomwe mafutawo amatsekeka. Kiyi ikadali pa START, simunasiye. Ganizo lake ndi loti mwatsegula njira ya mpweya yonse kuti injini ikoke kwambiri, koma mwatseka mafuta atsopano kuti moto usapeze chakudya china. Kenako tsekani mafuta ochokera ku matanki, pampu ya mafuta ngati ilipo muizimitse, ndipo pomaliza penipeni ndi pamene mumazimitsa mamagineto, amene amapereka moto ku mapulagi, ndi master, switchi yaikulu ya magetsi. Ndikuti pomaliza chifukwa sitata imadya magetsi a batire kudzera pa master, mukathamangira kuzimitsa master poyamba ndiye kuti mwaimitsa sitata nokha, chinthu chokhacho chimene chimakuthandizani. Ophunzira ambiri amasokoneza apa chifukwa anazolowera kuti moto ukatchulidwa, master izime. Imeneyo ndi ya moto wa magetsi, iyi ndi nkhani ina.

Wina afunsa za sitata, paja buku la 172S limati izungulire masekondi 10 kenako ipume masekondi 20, mukatero katatu muisiye izizire mphindi 10. Zoona, koma lamulo limenelo ndi la masiku abwinobwino. Moto ukabuka sitata ipse ngati ikupsa, amakaniko adzaika ina.

Kwa amene mukuphunzirira pa Piper PA-28, monga Warrior ija, buku lanu ndi lalifupi koma mfundo ndi yomweyo: zungulitsani injini, mixture pa idle cut-off, throttle yotsegula, pampu ya magetsi izime, mafuta atsekedwe, ndipo moto ukapitirira tulukani. Chomwe ndikufuna muchiganizire pa Piper ndi chitseko. Chilipo chimodzi chokha, kumanja, pomwe inu wophunzira mumakhala kumanzere. Ndiye kuti aphunzitsi anu kapena amene mwamunyamula akapanda kutuluka msanga, inunso simutuluka. Nkhani imeneyi muzikambirana musanalize injini, amene ali kumanja adziwe mmene chitsekocho chimatsegukira, zotsekera zake zonse ziwiri, chapamwamba ndi cham'mbali.

Pa kutseka mafutapo ndiimepo pang'ono chifukwa ndege zimasiyana ndipo nthawi ya moto si nthawi yofufuza ndi maso. Pa 152 ndi kavalavu ka ON ndi OFF pansi pakati pa mipando. Pa 172 akale chosankhira matanki chili ndi OFF yake. Pa 172R ndi 172S chosankhiracho chili ndi LEFT, BOTH ndi RIGHT basi, OFF palibe, chotsekera ndi kachinthu kofiira kapadera komwe mumakakoka. Pa Warrior chili kukhoma la kumanzere pafupi ndi bondo lanu ndipo pali kotchinga kamene muyenera kukadina kaye kuti chifike pa OFF. Ndipo pa Cessna nkhaniyi ndi yaikulu kwambiri chifukwa mapiko ali pamwamba, mafuta amatsika okha popanda pampu iliyonse, nde paipi ikangopsa kutsogoloko valavu ili yotsegula, matanki azingothirira motowo. 172S yodzadza imanyamula malita pafupifupi 200, ganizani zimenezo.

Nanga uzungulitsa mpaka liti? Buku silikupatsani masekondi, limasiyira maso anu. Ine ndimaona chonchi: ngati mwachita zonsezi ndipo lawi likukulirakulira, layamba kuonekera pamwamba pa chivindikiro kapena m'mbali, utsi wayamba kulowa mkati momwe mwakhala, kapena mafuta amene adonthera pansi ayaka pansi pa ndege, basi nkhani ya sitata yatha, injini singameze moto umene uli panja pake. Tsekani mafuta, zimitsani zonse, tulukani. Ngati muli pa bwalo lokhala ndi tower, nsanja ya owongolera ndege, ndipo wailesi mwaiyatsa kale, mawu ochepa okha akwana master isanazime, nambala ya ndege, moto pa injini, malo amene muli, iwo atumiza ozimitsa moto. Koma musachedwe m'ndege chifukwa chofuna kuyankhula bwino pa wailesi. Buku la 172S limatinso mumasule buleki yoimikira musanatuluke, zomwe zimathandiza kuti anthu athe kuikankha ndegeyo kuichotsa pa mafuta oyaka kapena kuitalikitsa ndi ndege zina. Potuluka pitani cha kumbuyo, kutali ndi pulopela, ndipo muime mbali imene mphepo ikuchokera kuti utsi ndi lawi zisakutsateni.

Chozimitsira moto chimene chimakhala m'ndege zambiri ndi kabotolo kakang'ono ka Halon 1211, kamatha m'masekondi ochepa kwambiri nde osamangopopera m'mwamba mwa lawi. Lozani pa gwero, m'munsi, kudzera pa mpata wa pansi pa chivindikiro kapena polowera mpweya. Osatsegula chivindikiro kuti muone bwino, mukatero mwaupatsa moto mpweya. Ndipo osayandikira pulopela isanaime komanso musanatsimikize kuti mamagineto azima. Mabuku a Cessna amatchulanso bulangete la ubweya kapena dothi ngati chozimitsira palibe. Chozimitsira cha ufa chija chimazimitsa ndithu koma ufawo umadya aluminiyamu ndi mawaya, nde ngati ndi chomwe chagwiritsidwa ntchito auzeni amakaniko msanga kuti atsuke. Madzi pa mafuta oyaka ayi, amangowamwaza.

Pali chinanso chomwe anthu sachiganizira. Moto umenewu uli pansi pa mphuno, inu muli m'kati, mwavala mahedifoni, nthawi zambiri simuuona poyamba. Amene amauona ndi wapanja. Chizindikiro cha moto chomwe oimika ndege amaphunzitsidwa ndi kukupiza dzanja limodzi kuchokera paphewa mpaka pabondo pomwe linalo likuloza pamene pali moto, koma munthu wamba angokuwa ndi kudumphadumpha basi. Choncho poliza injini maso asamangokhala pa geji ya oyilo, muziyang'ananso panja, ndipo fungo la mafuta likakhala lamphamvu mosazolowereka kapena mwamva kutsokomola kuja, muziganiza za moto nthawi yomweyo.

Moto ukazima, ngakhale unali waung'ono bwanji, ngakhale injini ikulira bwinobwino ngati palibe chachitika, ndegeyo isauluke amakaniko asanaitsegule. Sefa ya mpweya ikapsa zidutswa zake zimatha kukokedwa kukatseka kabureta muli m'mwamba, mapaipi ofewa a carb heat, obweretsa mpweya wotentha ku kabureta, amabooka, mawaya amasupuka, paipi ya mafuta imatha kuoneka yabwino kunja koma itapsa. Ndipo kaneneni zimene zachitika. Ndikudziwa wophunzira amaopa kuti aoneka wosadziwa kapena amulipiritsa, koma amene adzakwere ndegeyo mawa ndi mnzako, sakudziwa kalikonse, ndipo iyeyo vutolo likamupeza lidzamupeza ali m'mwamba.

Tsopano za kupewa, chifukwa kunena zoona moto wamtunduwu nthawi zambiri timauyambitsa tokha ndi dzanja lathu lamanja. Chachikulu ndi kupopa throttle. Kabureta zambiri za pa ndegezi zili ndi kapampu kamene kamalavula mafuta nthawi iliyonse mukakankha throttle mwachangu, ntchito yake ndi yoti injini isatsamwe mukamawonjezera mphamvu. Injini ili chiimire, mafuta olavulidwawo amakwera pang'ono n'kugwera pansi m'kabokosi kaja. Mwapopa kanayi kasanu, mwadikira, mwapopanso, ndiye kuti mwakonza kale moto, mukungodikira machesi. Mabuku a Cessna amachenjeza zimenezi poyera pa gawo la kuliza injini kukuzizira. Alipo aphunzitsi ena amene amati kupopa kulibe vuto bola injini ikhale ikuzungulira kale ndi sitata, ndipo mfundo yawo ndi yomveka chifukwa nthawi imeneyo injini ikukoka. Koma kwa wophunzira ine ndimati zisiyeni kaye, manja anu sanafike posiyanitsa nthawi yake, ndipo chida chopangidwira ntchito imeneyi chilipo kale.

Chidacho ndi primer, kapampu kapamanja kothirira mafuta musanalize injini. Ubwino wake ndi woti imathira mafuta kufupi ndi masilinda, kumtunda, osati pa kabureta. Imasuleni, kokani pang'onopang'ono, dikirani kaye idzadze, mumamva ndithu ikamayamwa, kenako kankhani. Buku la 152 limati mpaka katatu, la 172N limati kawiri mpaka kasanu ndi kamodzi malinga ndi kuzizira, ndipo injini ikakhala yotentha osathira n'komwe. Mukamaliza ikhomeni ndipo muikoke pang'ono kuti mutsimikize kuti yakhomeka, chifukwa primer yosakhoma imalowetsa mafuta mwakachetechete. Komanso primer imathanso kuyambitsa moto mukaipitiriza muyeso, kapena mukathira kenako n'kukhala mphindi ziwiri mukusaka chekilisiti, mukumanga lamba, mukuyankha foni. Mafuta aja sadikira, amatsetsereka m'mapaipi kubwerera pansi. Nde konzani zonse kaye, yang'anani panja, primer ikhale chinthu chomaliza, kuwani kuti anthu atalikire pulopela, lizani.

Injini ikakana, musathamangire kuganiza kuti mafuta achepa. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, yakana kamodzi awonjezera, yakananso awonjezeranso. Imvetsereni. Ikamagwira pang'ono n'kusiya, kukutuluka tiutsi takuda ku ekizozi, fungo la mafuta lili ponseponse, ndiye kuti yakhuta kale mopitirira. Ikakhala kuti mafuta ndi ochepa siyesa n'komwe kugwira, imangozungulira. Yokhutayo mankhwala ake ndi mixture yonse kunja, throttle yotsegula, zungulitsani kangapo kuti ipume mpweya wokhawokha, ikagwira bwezani mixture mkati ndipo throttle muibweze msanga isakuthawireni. Koma ngati mwatuluka n'kuona mafuta akudontha pansi pa mphuno kapena padikha kale, musalize. Dikirani aume, kapena ikankheni ndegeyo ichoke pamenepo, mphindi khumi zodikira sizinaphe munthu.

Kuzizira kumawonjezera vuto chifukwa mafuta sasanduka nthunzi msanga, amakhala amadzimadzi m'mapaipi, batire nayo imakhala yofooka nde injini imazungulira mwaulesi, ndipo kuzungulira kwaulesiko ndi kumene kumabweretsa kutsokomola chobwerera. Batire yofookayo ndi yoopsa kawiri, chifukwa moto ukabuka mulibenso mphamvu yozungulitsira kuti muumeze. Choncho ngati mwayesa kangapo ndipo mukumva sitata ikulefuka, imani, itanani amakaniko kapena mubweretse magetsi apanja. Kumayiko kozizira kwambiri Lycoming imalangiza kutenthetsa injini kaye kukazizira kupitirira -12 °C, ndipo Cessna imati poliza injini yozizira osaitenthetsa pakhale munthu panja ali ndi chozimitsira moto m'manja.

Amene muli pa 172S musadzinamize kuti poti injini yanu ya IO-360 ilibe kabureta ndiye kuti nkhaniyi si yanu. Inu mumathira mafuta ndi pampu ya magetsi, mixture mkati kwa masekondi 3 mpaka 5 basi kenako kunja, pampu izime. Mukaiwala n'kuisiya ikulira, mafuta amadzadza m'mapaipi ndipo otsalawo amatayikira pansi pa ndege kudzera pa kapaipi kotayira. Injini yotentha imene yangozima kumene ndi imene imavutitsa kwambiri pa mtundu umenewu, ndipo munthu akatopa nayo ndi pamene amayamba kuthira mafuta mosawerenga.

Poyendera ndege musanakwere muziyang'ananso madontho a buluu pansi pa chivindikiro ndi pa tayala lakutsogolo, utoto wa avgas umatsalira mafuta akauma nde umakuuzani pamene pakudontha. Suzumirani polowera mpweya, mbalame zimamanga zisa pamwamba pa masilinda m'masiku ochepa chabe ndipo udzu wouma pa injini yotentha mukudziwa kale mathero ake. Chozimitsira moto muchigwire ndi dzanja, muone geji yake, muyese kumasula kachingwe kochimangira kuti mudziwe mmene kamatsegukira. Ndipo mafuta amene mwakhetsa poyesa ngati muli madzi musawataye pansi pa mphuno pomwe mulizire injini.

Chekilisiti ya moto uwu ndi ya pamtima, palibe nthawi yotsegula buku. Njira yabwino yoiphunzirira ndi kukhala m'ndege yoima, master yozima, kiyi ili m'thumba, aphunzitsi anu akuwe kuti moto mosakuchenjezani, inu muzigwira chinthu chilichonse motsatana mukuchitchula mokweza, kiyi, throttle, mixture, mafuta, pampu, mamagineto, master, lamba, chitseko. Pa Cessna dzanja lamanzere limakhala pa kiyi nthawi yonseyo nde zina zonse ndi za dzanja lamanja, yesani muone ngati mukufikira valavu ya mafuta lamba ali womanga komanso mpando uli pamene mumaukhazika. Ngati simukufikira, ndi bwino muzidziwe lero ndipo mugwirizane ndi aphunzitsi anu kuti zikadzachitika adzatseke mafuta ndani. Mukasintha mtundu wa ndege, ngakhale kuchoka pa 172P kupita pa 172S, tsegulani gawo 3 la buku la ndege imeneyo, gawo la zangozi, muwerenge mndandanda wake ndipo mukhalenso m'kati muyeserere musanailize koyamba.